Chikomekome cha Mkuyu

Ana anga, mukaona munthu wanenepa mumati zake zikuyenda. Akaonda mumayamba kunong'onezana kuti akudwala. Khalani pansi ndikuuzeni.

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilala cha 2024 n'kubwera kudzapsereza chimanga m'minda, mayi wa ku Ndirande kapena ku Mtandire akapita kumsika safunanso chopatsa thanzi, amafuna chokhutitsa. Agula kajumbo ka ufa, kachubu ka mafuta, kamulu ka bonya, ndalama yathera pomwepo. Mazira, nyama ndi mkaka ndizo zimayamba kusowa pakhomo. Nsima imatsala, ndipo mitanda yake imakula. M'mawa ndi tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi. M'mimba simukana kanthu, koma thupi silinamizika. N'chifukwa chake nyumba imodzi yomweyo mumapezamo mayi wonenepa ndi mwana wopinimbira. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5, opinimbira anali 37, pomwe amayi 21 mwa 100 anali olemera kuposa mlingo woyenera.

Mayi ameneyu sindimudzudzula ayi. Thumba ndilo likumulamula. Amene ndili nanu mawu ndi inu mwayamba kulandira malipiro pakutha pa mwezi. Mgaiwa mwauthawa, ati ndi wa amphawi. Mukufuna ufa woyera mbee, womwe gaga yense wapita kwa nkhumba. Masana muli pachiwaya, tchipisi chosambira m'mafuta okazingira dzulo, botolo la chakumwa chozizira pambali. Kuchigayo komwe munkapita wapansi, lero mukukwera kabaza. Lamba akayamba kuthina, apongozi amasangalala kuti mwana wawo akukusamalani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: shuga ndi kuthamanga kwa magazi sizigogoda pachitseko, mumadzangomva kuchipatala.

Komatu zakudya zomanga thupi zambiri si zodula monga muganizira. Nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, nandolo, khobwe, zonsezi agogo anu anakulira. M'dzinja futsani masamba, musadikire kuti adzakwere mtengo mu Okutobala. Mtedza musagulitse wonse kwa mavenda n'kumadzagula nsinjiro m'timapepala.

Ndipo inu abambo, nkhuku ikaphedwa ntchafu zonse zisamathere m'mbale yanu ana n'kumanyambita msuzi. Mtengo amauongola ukadali waung'ono. Dzira likakhala limodzi, lipite m'phala la mwana.