Mayeso atha, nanga mwana alowera kuti?

Chaka ndi chaka zotsatira za MSCE zikatuluka, ndimakumana ndi anyamata ndi atsikana a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma omwe akhoza bwino koma sakudziwa kolowera. Nzeru ali nazo ndithu. Vuto n'lakuti palibe amene anawakhazika pansi akulowa Folomu 3 n'kuwauza kuti wosiya Physics ndi Chemistry wadzitsekera yekha khomo la udokotala ku KUHeS ndi la uinjiniya ku MUBAS. Ambiri amamva mochedwa kuti mayunivesite a boma amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, kuti mafomu amadzera ku NCHE, komanso kuti ngongole ya fizi amafunsira padera ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Mwana wa ku Area 47 zoterezi amazimva kwa makolo ake akudya nsima, pomwe wa ku CDSS yakumudzi amazitola m'mphekesera pamsika, mwina nthawi yofunsira itatha kale. Chimandiwawa kwambiri n'chakuti mwayi wina uli pakhomo pomwe. Namitete Technical College imaphunzitsa ukalipentala ndi zomangamanga, koma makolo ena amaiona ngati kothawira olephera, ngakhale iwo omwewo amalipira mmisiri ndalama zochuluka akamamanga nyumba ya malata. Aphunzitsi aakulu, simukufunika thandizo la mabungwe pa izi. Itanani namwino wa ku chipatala cha St Gabriel's, katswiri wa zaulimi wa ku Chitedze ndi mmisiri wa m'dera lanu, adzacheze ndi ana a Folomu 2 teremu ino isanathe.