Kodi mwamuna uja anali kuti?

Nkhani ya pa Yohane 8 timaidziwa tonse. Aphunzitsi a Malamulo ndi Afarisi anadza kwa Ambuye Yesu ndi mkazi amene anamugwira akuchita chigololo, namuimika pakati pa anthu. Timaimva pa Misa, timaifotokozera ana pa katekisimu, koma kawirikawiri timalumpha funso limene ngakhale mwana angathe kufunsa. Chigololo sachita munthu mmodzi, ndipo lamulo la Mose limene iwo ankadalira, pa Levitiko 20:10 ndi pa Deuteronomo 22:22, linkalanga onse awiri. Nanga mwamuna uja anali kuti? Mwina anamulola kuthawa, mwina anali mnzawo. Chimene tikuona n'chakuti mlandu wa anthu awiri anausenzetsa munthu mmodzi, amene analibe womuyankhulira.

Apa ndi pamene tikuphunzira tanthauzo la chiphamaso. Liwu limene Mthenga Wabwino umagwiritsa ntchito m'Chigriki poyamba linkatchula munthu wochita sewero, amene ankavala chophimba nkhope kuti aoneke ngati wina. Tiyenera kusiyanitsa chiphamaso ndi kufooka. Munthu wofooka amadziwa chabwino, amagwa, nachita manyazi, monga Petulo analira atamukana Mbuye wake. Wachiphamaso amatenga lamulo limene iye mwini akuliphwanya, nalisandutsa ndodo yomenyera mnzake, kuti anthu poona ndodoyo amuyese wolungama. N'chifukwa chake Yesu, amene ankadya ndi okhometsa msonkho, anasunga mau ake aukali koposa, a pa Mateyo 23, kwa anthu opemphera.

Olemba mabuku anaona zomwezi. Amene tinaphunzira m'Chipwitikizi timakumbukira Gil Vicente ndi sewero lake la 1517, Auto da Barca do Inferno. Anthu akufa akufika padoko pamene pali mabwato awiri, lina lopita kumwamba, lina lopita kumoto. Wosoka nsapato akudzitama kuti ankapita ku Misa ndipo anamwalira atalapa ndi kulandira Ukaristia, koma akukumbutsidwa kuti zaka zonsezo ankabera anthu pa malonda ake, ndipo bwato lakumwamba likumukana. Molière wa ku France analemba Tartuffe m'chaka cha 1664, nkhani ya munthu wodzionetsa woyera amene akulowa m'nyumba ya mnzake ndi mapemphero pakamwa, pamene mtima uli pa mkazi ndi chuma cha mwini nyumba. Seweroli linaletsedwa zaka zingapo, chifukwa anthu ena otchuka pa zachipembedzo linawakhudza pabala.

Buku limene limatipweteka kwambiri ife Akatolika ndi la Eça de Queirós, O Crime do Padre Amaro, limene linayamba kutuluka m'chaka cha 1875. Mu mzinda wa Leiria wansembe wachinyamata akupatsa mimba mtsikana wopemphera, Amélia. Kuti mbiri yake isaipe, akumubisa kumudzi. Mwana akufa, mayi akufa, koma wansembeyo akupitiriza ntchito yake kwina, anthu akumugwadira ngati kale. Eça sankakonda Mpingo, ndipo sitiyenera kuvomera zonse zimene ankaganiza. Komabe funso lake ndi lomwe lija la pa Yohane 8: mkazi walipira ndi moyo wake, mwamuna ali kuti?

Tsopano tibwere kwathu kuno ku Molumbo ndi ku Milange. Mtsikana wa zaka 15 akaoneka kuti ali ndi pakati, mudzi wonse umadziwa chochita. Amaleka kuimba m'kwaya, amaleka kubwera ku katekisimu, amakhala kumbuyo kwa tchalitchi, kapena sabweranso. Amayi ake amayenda chowerama popita kuchitsime. Koma amene anamupatsa pakatipo nthawi zambiri si mnyamata mnzake. Amakhala bambo wokhala ndi njinga yamoto, wogula nandolo ndi chimanga, wogwira ntchito yamalipiro, nthawi zina wa udindo m'mphakati. Nkhani yake imathera m'nyumba usiku, ndi mbuzi kapena ndalama zochepa, ndipo Lamulungu lotsatira amakhala pa mpando wake wakale, nayamba kudandaula kuti atsikana a masiku ano alibe mwambo. Makolo anati anyani amasekana zikundu, koma pano pali choipa choposa: wina akusekedwa yekha, womseka ndi amene anamugwetsa.

Ngakhale boma linayendapo njira imeneyi. Kuyambira 2003 lamulo la Unduna wa Maphunziro linkasamutsa mtsikana wapakati kuti aziphunzira usiku, ndipo kumidzi kumene kulibe makalasi ausiku zimenezi zinkatanthauza kusiya sukulu. Lamuloli linafafanizidwa m'chaka cha 2018. M'chaka cha 2019 dziko lathu la Mozambique linakhazikitsa lamulo loletsa kukwatitsa kapena kukwatira mwana wosakwana zaka 18, ndipo wamkulu wochita zimenezi, pamodzi ndi omuthandiza, angathe kupita kundende. Ngati lamulo la dziko lafika potembenukira kwa mwamuna, zingakhale zamanyazi kuti ife, amene timawerenga Mthenga Wabwino mlungu uliwonse, titsalire kumbuyo tikuyang'anabe mimba ya mwana.

Ena adzati: kodi tsopano tizivomereza chiwerewere? Iyayi. Chiphunzitso cha Mpingo pa lamulo lachisanu ndi chimodzi sichinasinthe, ndipo Yesu mwini, atamupulumutsa mkazi uja, anamulangiza kuti asiye tchimo. Chimene tikukana ndi muyeso wapawiri. Tonse timakwiya wogula nandolo akakhala ndi sikelo yonama, yopepuka pogula, yolemera pogulitsa. Mphakati umene umalanga mtsikana ndi kusiya bambo uli ndi sikelo yomweyo. Ndipo ana athu amaona. Mnyamata amaphunzira kuti tchimo limakhululukidwa msanga ukakhala ndi ndalama. Mtsikana amaphunzira kuti chofunika ndi kusagwidwa, ndipo ena, poopa manyazi, amathamangira mankhwala ochotsera mimba, nataya moyo wa mwana, nthawi zina ndi wawo womwe. Chiphamaso cha akuluakulu chimabala tchimo lalikulu kuposa limene amati akulithetsa.

Ena adzatinso nkhani zotere zikatuluka zimanyozetsa Mpingo, ndi bwino kuziphimba. Malembo satiphunzitsa choncho. Mneneri Natani anapita kwa mfumu Davide, osati kwa Bateseba, nakamuuza mlandu wake maso ndi maso. Paulo anadzudzula Petulo poyera ku Antiokeya pamene ankadya ndi anthu a mitundu ina koma kuwapewa Ayuda anzake akafika. M'dziko lathu lomwe, Ambuye Sebastião Soares de Resende, episkopi woyamba wa Beira, amene anamwalira m'chaka cha 1967, anatsutsa ntchito yachibalo pa nthawi imene olamulira ankadzitcha ofalitsa Chikhristu. Lero timawatchula ndi ulemu. Papa Fransisko, akali arkiepiskopi wa Buenos Aires, m'chaka cha 2012 anatchula achiphamaso ansembe amene ankakana kubatiza ana a amayi osakwatiwa. Mpingo umanyozeka anthu akaona kuti choonadi chake chili ndi mano kwa osauka okha.

Tsono tichite chiyani m'miphakati yathu? Choyamba, nkhani ya mimba ikafika kwa atsogoleri, funso la mwamuna lifunsidwe tsiku lomwelo, ndipo ngati ali ndi udindo mu Mpingo, autule kufikira nkhani itaweruzidwa. Chachiwiri, ngati mtsikanayo sanakwane zaka 18 ndipo mwamunayo ndi wamkulu, umenewo ndi mlandu wa boma, ndipo mbuzi siingaufafanize. Makolo ndi ankhoswe asalandire kanthu kuti akhale chete. Chachitatu, mtsikanayo aperekezedwe ku sikelo ya amayi oyembekezera kuchipatala, athandizidwe kubwerera kusukulu, ndipo amayi a m'mabungwe athu amuyendere monga amayendera odwala. Khomo la sakramenti la kulapa ndi lotseguka kwa iye monga kwa wina aliyense, ndipo mwana wake akonzedwere ubatizo popanda kumuchititsa manyazi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pomaliza, tisatenge nkhaniyi kuti tikaloze nayo chala banja la uje. Kutero kungakhale kutola mwala womwe uja ndi kungosintha woponyedwa. Aliyense wa ife, bambo kapena mayi, asanapite kukalapa adzifunse ngati pali cholakwa chimene amachilanga mwaukali mwa ana a eni koma amachibisa chikachitika m'nyumba mwake. Ambuye amene amaona zobisika atipatse muyeso umodzi, ndi mtima wolimba wougwiritsa ntchito ngakhale pa munthu amene timamuopa.