Wamisala adaona nkhondo

Makolo adati wamisala adaona nkhondo, kutikumbutsa kuti wotichenjeza amatha kukhala yemwe timamunyoza. Masiku ano wonyozekayo ndi madzi a suweji, amene aliyense amawalambalala atatseka mphuno. Komatu madziwa amaona mliri dokotala asanauone.

Munthu akatenga kachilombo ka poliyo kapena ka Covid-19, kamatuluka m'chimbudzi chake, kawirikawiri thupi lisanayambe kuphwanya. Kamatulukanso kwa amene sadwala n'komwe koma akupatsira anzake. Choncho botolo limodzi lotungidwa papaipi yochokera ku hositelo, likafika ku labotale, limanena za anthu onse ogona m'nyumbamo popanda kubaya jakisoni aliyense.

Nzeruyi si yachilendo kuno kwathu. Pa 17 Febuluwale 2022 boma lidalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo, matenda omwe tidawaona komaliza mu 1992, ndipo kachilombo kake kadali kofanana ndi ka ku Pakistan. Poliyo ndi wobisalira: mwa anthu pafupifupi 200 omutenga, mmodzi yekha ndiye amapuwala, enawo amangomufalitsa osadziwa. N'chifukwa chake Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO adayamba kutunga suweji ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome nawo ankayeza madzi a m'mitsinje ya mu Blantyre nthawi ya Covid-19, ndipo adaona kachilombo kakuchuluka m'madzi odwala asanadzaze zipatala.

Ntchitoyi idayambira m'mizinda. Ine ndikuti ifikenso ku Chiradzulu, ndipo poyambira pake ndi pa Nguludi. Pamalo amodzi pomwepa pali Catholic University of Malawi, yomwe idatsegulidwa mu 2006, sukulu ya anamwino ya St Joseph's, koleji ya Montfort komanso chipatala. Achinyamata ochokera m'zigawo zonse amafika teremu ikamayamba, kugona mothithikana, kudya limodzi, kukwera minibasi za ku Limbe, ena n'kuchita lendi m'midzi yozungulira. Ophunzira unamwino amachoka m'mawodi n'kubwerera kuchipinda kwa anzawo. Matenda akalowa pamenepa sathera pampanda wa sukulu, amafika kwa mayi wogulitsa mandasi pageti ndi kwa ana ake. Kumudzi, komwe banja lililonse lili ndi chimbudzi chake chokumba, kuyeza kotere n'kovuta. Pakoleji, pomwe zimbudzi zamadzi zimathira malo amodzi, n'kotheka.

Ku America, University of Arizona idachita zimenezi mu Ogasiti 2020. Madzi a hositelo ina ataonetsa kachilombo, adayeza onse ogonamo, oposa 300, n'kupeza awiri omwe analibe chizindikiro chilichonse. Adawapatula, maphunziro n'kupitirira. Ife tidatseka sukulu zonse pa 23 Malichi 2020, ndipo tikudziwa atsikana ambiri omwe sadabwererenso m'kalasi.

Ena adzati ndalama zili kuti. Funsolo n'lomveka, pakuti kuyeza ku labotale sikutchipa. Koma Blantyre, komwe kuli akatswiri ndi makina, ali pafupi ndi Nguludi, ndipo kutunga botolo sabata iliyonse alangizi a zaumoyo angakwanitse ataphunzitsidwa. Chomwe ndikuopa ine ndi china: kuti zotsatira zingasanduke chida chonyozera hositelo inayake. Zizipita kwa azaumoyo, ndipo ophunzira auzidwe poyera chimene chikuyezedwa ndi chifukwa chake.

Mu 2001 bungwe la MSF lidayamba kupereka ma ARV m'boma la Chiradzulu lomweli, pamene ambiri ankati kumudzi sizingatheke. Akuluakulu a makoleji a pa Nguludi ndi ofesi ya zaumoyo ya khonsolo ya Chiradzulu, khalani pansi ndi ofufuza a ku Blantyre teremu ikubwerayi isanayambe, musankhe hositelo imodzi yoyambira.