Mzinga wophulitsa akasinja si umene Mchinji ikusowa

Dziko la India likangoonetsa asilikali ake akuyesa mzinga wophulitsa akasinja m'chipululu cha Pokhran, kapena a ku Ukraine akaonetsa mzinga wawo wa Stugna-P ukuyatsa kasinja wa Russia, kuno kwathu kumabuka funso lomwe lija: nanga ife Amalawi tidzapanga liti wathu? Amafunsa aphunzitsi, amafunsa anyamata a kabaza pa Boma la Mchinji, amafunsanso ena amene anavalapo yunifolomu. Ine ndikuti tisaupange. Ndipo wandale aliyense amene adzabwere pa msonkhano ndi lonjezo lotere tidzamufunse kaye mmene ndalama za zida zimene tinagula kale zinayendera.

Ofunsawo sindikuwapeputsa. Munthu wa ku Mchinji amadziwa ululu wochepekedwa zida. Boma lathuli linkatchedwa Fort Manning chifukwa linayamba ngati linga la Angerezi loyang'anizana ndi Angoni a Mpezeni. Mu Januwale 1898 ankhondo a Nsingo, mwana wa Mpezeni, anapita ndi mikondo ndi zishango kukakumana ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Nkhondoyo sinatenge nthawi. Nsingo anamugwira n'kumuwombera, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Mdzukulu wa anthu amenewo akamalakalaka chida chopangidwa ndi manja a kwawo, chilakolako chake chili ndi gwero. Koma chilakolako chabwino chikhoza kumugulitsa munthu kwa akathyali, ndipo pa nkhani ya zida akathyali atidyera kale kokwanira.

Tiyambe ndi chinthucho. Mzinga wotere ndi wosiyana ndi bomba longoponya. Uli ndi injini ya roketi yoyaka mwa muyezo wake, uli ndi diso loona kutentha kwa kasinja kapena lotsata kuwala kwa leza, uli ndi kakompyuta kowongola zipsepse zake ukuuluka, ndiponso mutu wophulika kawiri: koyamba kuswa chotchinga cha kunja, kachiwiri kuboola chitsulo chenichenicho. Chilichonse mwa zimenezi chimafuna fakitale yakeyake ndi akatswiri akeake, ndipo chimodzi chikangophonya, ndalama zonse zapsa m'mwamba. India anayambitsa ndondomeko yake yopanga mizinga mu 1983, pansi pa Abdul Kalam amene pambuyo pake anadzakhala pulezidenti. Mzinga wawo wa Nag unayesedwa koyamba mu 1990, koma mayeso omaliza ovomerezedwa ndi asilikali anachitika mu Okutobala 2020. Zaka 30 akuyesa, ukuphonya, akukonza, akuyesanso. Wina wonyamula paphewa anayamba kuuyesa mu 2018, ndipo ali mkati mouyesa anagulabe mizinga ya Spike ku Israel. Limenelo ndi dziko limene linatera pa mwezi mu 2023. Ife tikulephera kupeza madola ogulira dizilo ndi feteleza.

Pafupi nafe pano, South Africa inapanga wake. Bungwe la United Nations litaletsa mayiko kugulitsa zida ku boma la tsankho mu 1977, azungu a kumeneko anathira ndalama zosaneneka m'mafakitale awo a zida, anthu akuda akugona m'zisakasa. M'menemo munatuluka mzinga wa ZT3, umene pambuyo pake unabala Ingwe, wotha kumenya kasinja pa mtunda wa makilomita 5. Anauombera koyamba pa nkhondo mu Seputembala 1987 pa mtsinje wa Lomba ku Angola, ndipo unaphulitsadi akasinja. Nanga lero? Kampani ya boma ya Denel, imene inalandira luso lonselo, inadyedwa ndi katangale mpaka kutchulidwa pa kafukufuku wa woweruza Zondo. Pofika 2020 ndi 2021 inkalephera kulipira antchito ake malipiro athunthu, ndipo mainjiniya ambiri anasamukira ku mayiko a Aarabu. Luso limene linatenga zaka makumi kulimanga linabalalika pa zaka zochepa za kuba. Amene akuti titsanzire Joni ayambe awerenga mutu umenewu.

Komanso kasinja amene tikumukonzera mzingayo adzatulukira kuti? Chipata cha Mwami chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 12 kuchokera pa Boma. Chilandirire ufulu mu 1964, Malawi ndi Zambia sanalozanepo mfuti pa nkhondo. Mu Disembala 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegulira limodzi ofesi imodzi ya pa chipata kuti mathiraki asamachedwe. Mwezi wa Febuluwale uliwonse Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amawoloka kupita ku Nc'wala ku Mtenguleni, kwa Mpezeni, ndipo maliro akagwa tsidya lina, tsidya lino amaphika nsima. Zimene zimadutsa m'njira zachidule usiku ndi matumba a chimanga ndi soya, zigubu za mafuta, makala, ng'ombe zobedwa, ndi ana amene amatengedwa kukagwira ntchito m'minda ya fodya. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimaimitsidwa ndi mzinga. Chimawaimitsa ndi wapolisi amene ali ndi njinga yamoto yokhala ndi mafuta, wailesi yolankhulirana yogwira ntchito, ndi malipiro oti asatambasule dzanja.

Ena ati: nanga ku Congo? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo ndikulilandira. Asilikali athu akhala akumenya nkhondo yeniyeni kum'mawa kwa dzikolo kuyambira 2013. Mu Novembala 2018 tinataya asanu ndi mmodzi kufupi ndi Beni, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, amene anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Mu Januwale 2025 tinatayanso atatu polimbana ndi zigawenga za M23. Msilikali amene tamutuma kumalo otere ayenera kupatsidwa chida chabwino koposa chimene thumba lathu lingathe, ndipo ngati akufunika mizinga yophulitsa magalimoto achitsulo, tigule yowerengeka imene inayesedwa kale, pa mtengo wodziwika. Kumuuza kuti adikire zaka 30 mainjiniya athu akuphunzira n'kumupereka nsembe.

Chimene ndimasilira kwa opanga mizinga ndi khalidwe lawo loyesa chinthu n'kulemba zotsatira zake, ngakhale zikhale zochititsa manyazi. Khalidwe limeneli kuno tilibe, ndipo kusowa kwake kwatiphera anthu. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali athu ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kupha wachiwiri kwa pulezidenti, a Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Dziko lonse linagona osadziwa kumene ndegeyo ili, mpaka inapezeka mawa lake. Akatswiri a ku Germany atabwera kudzafufuza anapeza kuti kachipangizo kolira ndege ikagwa, kamene kamalondolera ofunafuna, batire yake inatha ntchito mu 2004. Zaka 20 ndege ikunyamula atsogoleri, asilikali ndi maliro, batire ili yakufa. Ndegeyo inalibenso makina osunga mawu a oyendetsa kapena mbiri ya ulendo. Batire imeneyo sinkafuna fakitale ya roketi. Inkafuna munthu mmodzi wokhala ndi kaundula, wamkulu wake womvera akauzidwa, ndi ndalama zochepa kuposa za ulendo umodzi wa nduna. Gulu la nkhondo limene silinathe kusintha batire kwa zaka 20 tikalipatsa ntchito yopanga mzinga, ndiye kuti tikukweza denga nsichi tisanazike.

Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakwirira midzi ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, tinachita kudalira mahelikopita a anzathu a ku Tanzania ndi ku Zambia kuti tifikire anthu amene misewu yawo inaduka. Zambia yomweyo ili tsidya la Mwami. Mdani amene wapha Amalawi ambiri m'zaka zino ndi madzi, matope ndi njala, ndipo asilikali athu amakumana naye ndi mafosholo.

Tsono ndalama za zida zimapita kuti? Apa mpamene mawu akuti "chitetezo cha dziko" amasanduka chotsekera pakamwa. Mu 2013 boma linapangana ndi kampani ya Paramount ya ku South Africa za zida za madola 145 miliyoni, kuphatikizapo maboti olondera pa nyanja, ndipo ambirife tinazimva mochedwa m'nyuzipepala. Chaka chotsatira nduna ya zachuma ya boma latsopano, a Goodall Gondwe, inadandaula kuti mgwirizanowo unali wodula. Cashgate inakhudzanso ndalama za asilikali. Kenako inabwera nkhani ya Zuneth Sattar, amene akumuganizira kuti ankapereka ziphuphu kuti apate makontrakiti a apolisi ndi asilikali, ngakhale mwiniwake amakana. Mlandu wa a Chilima wokhudza nkhaniyo unakokana pa zikalata zimene asilikali ankati n'zachinsinsi, ndipo unathetsedwa mu Meyi 2024 umboni usanamveke wonse. Ntchito yopanga mzinga ndi yachinsinsi mwachibadwa, imatenga zaka zambiri, ndipo kulephera kwake n'kosavuta kukufotokozera. Kwa wakuba wovala suti palibe munda wachonde woposa umenewu.

Ngati tikufunadi kudzidalira pa chitetezo, poyambira pali poyera. Limodzi mwa makontrakiti amene anautsa mapiri pachigwa linali la mapaketi a chakudya cha apolisi ochokera kunja, pamene Mchinji imakolola mtedza ndi soya wodzaza mathiraki, ndipo chiponde chochiritsa ana onyentchera chimapangidwa m'dziko mommuno. Nsapato, yunifolomu ndi mahema a msilikali zikhoza kusokedwa kuno. Ku Kasungu, boma loyandikana nalo, kunatsegulidwa malo oyesera madroni mu 2017, ndipo kuyambira 2020 achinyamata athu akhala akuphunzira kupanga ndi kuulutsa madroni pa sukulu imene UNICEF inathandiza kukhazikitsa mogwirizana ndi yunivesite ya MUST. Droni yoyang'ana malire kuchokera ku Mkanda mpaka ku mapiri a Mchinji, kapena yofunafuna ndege yogwa m'nkhungu, ndi ntchito imene ana amenewa angaipange, kuiyesa pamaso pa anthu, kuikonza ikagwa, n'kuiperekanso.

Aphungu a ku Mchinji akapita ku Nyumba ya Malamulo pa zokambirana za bajeti, aimirire pa ndime ya unduna wa zachitetezo. Afunse kuti mwa ndege za asilikali zimene zatsala ndi zingati zikuuluka, kachipangizo kolira ka iliyonse kanayesedwa liti, ndipo anasainira ndani. Afunsenso kuti mkulu wolondoloza chuma cha boma anaona liti mabuku a zogulagula za asilikali, ndipo lipoti lake lili kuti. Nduna ikayankha kuti n'zachinsinsi, akane kuvomereza ndimeyo mpaka komiti ya zachitetezo itaonetsedwa mapepalawo.