MLANDU SUOLA PA MALIRE A CANADA NDI AMEREKA

Kuyambira pa 1 April 2024, nzika ya Canada imene inapezedwapo m'khoti ndi mlandu woiletsa kuwoloka malire, ndipo ifuna kulowa m'dziko la Amereka, iyenera kulipira madola 1,100 popempha cilolezo capadera. Kale mtengo wace unali madola 585. Ndalamazi sizilipiridwa kamodzi kokha ai, pakuti cilolezoco sicipitirira zaka 5, ndipo cikatha mwini wace ayambanso kupempha monga munthu amene sanaloledwepo.

Malire a maiko awiriwa ndi otalika makilomita 8,891, ndipo palibe malire ena a pakati pa maiko awiri oposa amenewa. Mizinda ina ingoyang'anizana, monga Windsor ndi Detroit, imene ilekanitsidwa ndi mtsinje cabe ndi kulumikizidwa ndi ulalo wa Ambassador, wotsegulidwa m'caka ca 1929. Nzika zambiri za Canada ziwoloka popanda visa. Koma kwa woyendetsa lole ya katundu amene ali ndi mlandu wakale, kubwezedwa pa cipata ndiko kutha kwa nchito, ndipo kwa amene mai wace adwala tsidya lija, ndiko kulephera kukamuona.

Gwero la bvutoli liri m'lamulo la Amereka la 1952 loyang'anira alendo. Gawo 212 la lamulolo likaniza mlendo amene anatsutsidwa pa mlandu woonetsa khalidwe loipa, monga kuba kapena cinyengo, ndiponso amene anatsutsidwa pa mlandu wa mankhwala oletsedwa, kuphatikizapo camba. Mlandu umodzi waung'ono wa khalidwe ukhoza kulekereredwa ngati cilango cacikulu ca mlanduwo siciposa caka cimodzi, ndipo munthuyo sanaweruzidwe kupitirira miyezi 6. Koma cifundo cimeneci sicifika pa milandu ya mankhwala. Kwa munthu amene anacimwa ali wamkulu, lamuloli siliwerengera zaka zimene zapita. Mlandu wa zaka 30 zapitazo uimabe monga wa dzulo. Akuluakulu ananena kuti mlandu suola, ndipo pa malire amenewa mauwo akwaniritsidwa tsiku ndi tsiku.

Ambiri anyengeka poganiza kuti cikhululukiro ca kwao ciwakwanira. Bungwe la Parole Board of Canada liri ndi mphamvu yopatula mbiri ya mlandu wa munthu kuti isaonekenso poyera m'dzikomo, koma Boma la Amereka silibvomereza cikhululukiro cotere. Akuluakulu a pa malire a Amereka atha kuona mbiri zosungidwa ndi apolisi a Canada pa kompyuta, ndipo zimene iwo analemba kale m'mabuku ao sizifafanizika cifukwa ca lamulo la dziko lina. Momwemonso, ngakhale Canada inaloleza camba pa 17 October 2018, munthu amene anatsutsidwa cifukwa ca camba zaka za m'mbuyo akali woletsedwa kuwoloka.

Njira yokha ndiyo cikalata cochedwa I-192, coperekedwa ku bungwe loyang'anira malire la Customs and Border Protection. Wofuna kukonzanso cilolezo cace adindanso zala, natenga mbiri yace yatsopano kwa apolisi a Royal Canadian Mounted Police, imene siyenera kupitirira miyezi 15 pa tsiku lopereka. Aonjezapo mapepala a ku khoti, kalata yolongosola mlanduwo m'mau ace, ndi umboni wakuti anasintha, monga makalata a omlemba nchito. Akatumiza zonsezi pa intaneti mwa njira ya e-SAFE, apatsidwa masiku 45 kuti akaonekere yekha pa cipata cosankhidwa, kumene amjambula ndi kumdinda zala kaciwiri. Ciweruzo cicokera ku ofesi ya Admissibility Review Office, ndipo yankho likhoza kutenga miyezi ingapo. Cilolezo cakale sicitalikitsidwa pa nthawi yoyembekeza. Cikatha yankho lisanabwere, cipata catsekeka.

Muyeso umene ofesiyo itsata unakhazikitsidwa m'caka ca 1978 pa mlandu wa Hranka, pamene mkazi wina wa ku Canada, amene anathamangitsidwapo ku Amereka, anapempha kumakaceza kwa abale ace. Bungwe la apilo pa milandu ya alendo linalamula kuti ziyesedwe zinthu zitatu: ngozi imene munthuyo angadzetse kwa anthu akaloledwa, kukula kwa mlandu wace, ndi cifukwa ca ulendo wace. Linanenanso kuti cifukwaco sicifunikira kukhala cacikulu kopambana. Kuceza kwa abale nkokwanira. Mkaziyo analoledwa.

Dziko la Canada nalonso likaniza alendo a milandu, ndipo pa zina ndi louma mtima koposa. Mlandu umodzi woyendetsa galimoto utaledzera kawirikawiri suletsa munthu kulowa ku Amereka, koma ku Canada uletsa, ndipo kuyambira mu December 2018 uwerengedwa pakati pa milandu yaikulu. Kusiyana kuli pa mathero. Mlendo wofuna kulowa ku Canada atha kupempha kuti ayesedwe wokonzeka patapita zaka 5 cimalizire cilango cace, ndipo akabvomerezedwa nkhani yatha, pokhapo atacimwanso. Ku Amereka mlendo wongoceza alibe khomo lotere. Munthu wotsutsidwa ali ndi zaka 20, amene afuna kuwoloka kufikira zaka 70, adzapempha kosacepera kakhumi, ndipo pa mtengo wa lero adzataya madola 11,000, osawerengera za maloya.

Oikira kumbuyo dongosololi anena kuti dziko liri lonse liri ndi ufulu wosankha amene alowa, ndi kuti kukonzanso cilolezo kupatsa Boma mpata woona ngati munthu sanabwerere ku zakale. Mau amenewa ali ndi nzeru pa zaka zoyamba. Koma munthu akaloledwa kawiri kapena katatu popanda colakwa ciri conse, zinthu zitatu za mlandu wa Hranka zayankhidwa kale, ndipo cotsala ndico kulipira cabe. Katunduyo alemera koposa pa anthu a malipiro ocepa, amene ndiwo afunitsitsa kuwoloka cifukwa ca nchito. Kusintha kwenikweni kuli m'manja mwa nyumba ya malamulo ya Amereka, pakuti ndiyo inapanga lamulo la 1952.

Kufikira tsiku limenelo, wanzeru ayamba kukonzanso cilolezo cace kukali miyezi yambiri cakale cisanathe, nasunga mapepala onse a pempho loyamba. Akumbukiranso kuti cilolezo sicimanga manja a mkulu wa pa cipata, amene akali ndi mphamvu yofunsa ndi yokaniza. Koposa zonse, sabisa mlandu wace akafunsidwa, cifukwa wogwidwa ndi bodza pa malire a Amereka aonjezeredwa ciletso cina ca moyo wace wonse.