Kaphokoso ka m'mawa mu GTI si ka kuzizila

Ogulitsa mamotoka pa Facebook ali na mawu amene amakonda: "Iyi ni ya cheni, si ya lamba, simudzasinthako." Acicepele ambili amene amalota Golf GTI, Audi A4 olo BMW amakhulupilila zimenezi n'kutenga nkhongole. Ine nikuti mawu amenewa ni msampha. Cheni imatha, ndipo ikalibe kutha imacenjeza. Vuto n'lakuti sitimvela.

Timing chain imalumikiza crankshaft pansi na camshaft pamwamba, kuti mavalavu azitseguka na kutseka pa nthawi yake pamene mapisitoni akwela na kutsika. Imayenda pa ma guide a pulasitiki, ndipo cimene cimaikunga ni tensioner, kacitsulo kodalila mphamvu ya oilo. Mapini a cheni akadyeka, cheni imatalika. Pulasitiki ikasweka olo tensioner ikafooka, cheni imalumpha mano. Mu mainjini aya, pisitoni na valavu zimapatsana malo amodzi mosinthana, conco nthawi ikasokonezeka zimagundana. Zikafika pamenepo, simukonzanso cheni, mukonza injini.

Iyi si nkhani ya pa bala. Injini ya EA888 2.0 TSI, imene ili mu Golf GTI Mk6, inatuluka na tensioner imene inali kubwelela kumbuyo injini ikazima, cheni n'kulumpha pamene mwiniwake aliza motoka. Ku America eni mamotoka anapeleka Volkswagen ku khoti, ndipo mu 2018 kampaniyo inavomela kubweza ndalama zokonzela na kuwonjezela warranty ya cheni kufika zaka 10 olo ma mile 100,000. Injini ya dizilo ya BMW, N47, ya mu 320d na 520d, nayo imadziwika na vuto la cheni, ndipo cheni yake ili kumbuyo, pafupi na giyabokosi, moti kuifika cabe ni nchito yaikulu. Koma cigwilizano cija ni ca mamotoka ogulitsidwa ku America. GTI yocokela ku Japan, yotsikila pa Dar es Salaam n'kulowela pa Nakonde, ilibe oilipilila wina. Ni imwe.

Macenjezo ake ni osavuta kumva. Mukaliza motoka m'mawa, mumamva kaphokoso monga ka tumiyala m'citini kwa masekondi ocepa, kenako zii. Anzanu adzati ni kuzizila kwa June, koma cimene cicitika n'cakuti cheni ili lende-lende mpaka oilo itafika ku tensioner. Pambuyo pake motoka imayamba kucedwa kulila, injini imanjenjemela ikaima, nyale ya check engine n'kuyaka. Kompyuta ikaonetsa P0016, ndiye kuti crankshaft na camshaft sizikugwilizananso. Apa m'pamene ambili timadzipha tokha: timalipila munthu kuti afute code, nyale izime, ise n'kubwelela pa Great East Road kukaponda mafuta. Kufuta code sikufupikitsa cheni. Phokoso likabwela pamodzi na code imeneyi, ikani motoka pansi, ipite ku galaji pa towing.

Manje funso ni ili: kwa dila olo kwa makanika wa m'komboni? Odandaula kuti madila ni odula sakunama, ndipo tili na amakanika aluso amene sanalowepo mu showroom. Koma nchito ya cheni siifuna kuyelekeza. Ifuna zitsulo zogwila camshaft na crankshaft kuti zisasunthe, komanso kompyuta yoŵelenga kuti cheni yatalika bwanji. Pa EA888 pali na kacitseko kang'ono pa kava ya cheni pamene munthu angaonele ngati tensioner ni yakale olo ni yokonzedwa ija. Amene alibe zimenezi, kaya avale ovolosi ya kampani, asaigwile injini yanu.

Madila nawonso ali na mbali yawo. Wacicepele akabwela na phokoso, kumupatsa pepala la mtengo waukulu popanda kufotokoza ni kumuthamangitsila kwa ofuta ma code. Muonetseni zimene kompyuta yaŵelenga. Lembani ma part number, mtengo wa masipeya paokha, wa nchito paokha. Ndipo imwe eni motoka, funsani ngati asintha zonse, cheni, tensioner na ma guide, cifukwa cheni yatsopano pa pulasitiki yakale ni ndalama yotaya. Pemphani masipeya akale muwaone na maso, komanso warranty ya nchitoyo yolembedwa.

Zotsala ni za oilo. Injini iyi ifuna oilo ya muyezo wa VW 502 00, osati ya m'cigubu copanda dzina. Na fumbi lathu komanso mizele ya mamotoka ya mu Lusaka, kusintha oilo msanga n'kuchipa kupambana masipeya alionse.

Walila mvula walila matope. Amene afuna liwilo la turbo aikenso ndalama ya cheni pambali. Ndipo mukapita kukaona motoka yogula, fikani m'mamawa, gwilani boneti. Mukaipeza yotentha kale, uzani ogulitsa kuti mudzabwela mailo, ailize muli pomwepo ikali yozizila.