Malonda Obisika M'kati mwa Sewero

Wogulitsa pa msika akamaitanira malonda ace, aliyense adziwa kuti munthuyo afuna ndalama, ndipo wogula amayamba wagogoda mphika asanaulipire. Koma kulinso kutsatsa kwina kumene sikupfuula. Kumalowa mwakacetecete m'masewero a pa wailesi ndi m'makanema, kotero kuti woonerera sazindikira kuti akumgulitsa kanthu.

Mcitidwe umenewu uli ndi mbiri yace ku America. M'kanema wa Superman II wa caka ca 1980 munaoneka galimoto lalikulu lolembedwa dzina la ndudu za Marlboro, cifukwa eni fodyayo analipira. M'caka ca 1983 katswiri wa kanema, Sylvester Stallone, anabvomera madola 500,000 kucokera ku kampani ya Brown & Williamson kuti fodya wao azioneka m'makanema ace asanu. Oonerera sanauzidwe za panganoli. Mu 1998 makampani akuluakulu a fodya anacita kulonjeza kwa maboma a zigawo 46 za dzikolo kuti aleka kulipirira malonda otere.

Nkhaniyi ikhudzanso anthu a kumudzi, pakuti masiku ano kanema wafika pa foni ya mlimi. Wosewera wokondedwa akaoneka atanyamula botolo la mankhwala kapena thumba la mbeu, ambiri amayesa kuti ndiwo umboni wakuti cinthuco ncabwino. Komatu iye sanabzale mbeuyo, ndipo ikakanika kumera, nkhokwe yopanda kanthu siikhala yace. Akuluakulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Nzoona kuti kukonza sewero kumadya ndalama, ndipo si mlandu kuti amalonda athandizepo. Colakwa ndi kubisa. Dziko la Britain, pamene linalola malonda otere pa wailesi ya kanema mu 2011, linalamula kuti cilembo ca P cizioneka poyamba ndi potsiriza pulogalamu, ndipo fodya ndi mowa linaziletseratu. Nyumba zoulutsa mau kulikonse ziyenera kuulula cimodzimodzi, popeza omvera akazindikira kuti anapusitsidwa amayamba kukaikira ngakhale uthenga woona wa katemera ndi wa ulimi.

Tsono mlimi asanamasule ndalama ya zokolola zace, ayambe wafunsa mlangizi wa zaulimi, namwino wa pa cipatala, kapena mnansi amene anaciyesa cinthuco.